Lumo la Timpiyian

Ng'ombe ikafedwa mwana m'midzi ya oweta ng'ombe a m'dera la Loita, uthenga unkapita kwa Timpiyian, mkazi wamkulu wa Parsaloi. Ng'ombe yofedwa imabisa mkaka, ndipo wokama akachita liuma amabwerako ndi theche la pachifuwa. Timpiyian ankafika mosathamanga, mikanda ili wayawaya m'khosi. Ankasenda thole lakufalo, chikopa chake n'kuveka thole lina lamasiye, n'kuwazapo timchere. Akatero ankaima chapatali n'kumaimba cham'mero kanyimbo kake kokamira, kopanda mutu kopanda mchira, kongotchula mawanga a ng'ombe ndi madambo kumene zimadya.

Ng'ombe ija inkanunkhiza, n'kuchoka, n'kubweranso, mapeto ake n'kuyamba kunyambita. Pakapita masiku chikopa chinkauma n'kugwa chokha, koma ng'ombeyo sinkasiya kunyambita. Amuna opupuluma, ofuna kumanga ng'ombe miyendo kuti thole liyamwe, iye ankawauza pamaso kuti fupa lokakamiza limaswa mphika, apite akakhale pamthunzi.

Mayi wodziwa za ana a ng'ombe chotereyu, Mulungu sanamupatse wakewake. Anayenda nawo maulendo onse a amayi opempha ana, anadzozedwa mafuta, akuluakulu anamulavulira madalitso mpaka kukhosi kuwauma, koma ayi ndithu. Ndipo kwathu kuno mkazi wopanda mwana wamwamuna ali pa moto. Ng'ombe zimene anapatsidwa pokwatiwa zimasowa wozilandira, ndipo akakalamba sadziwa kuti nyumba yake akaimanga pachipata cha yani, poti mayi wokalamba amakhala pachipata cha mwana wake wamwamuna.

Mkazi wachiwiri wa Parsaloi, Seleyian, sanachedwe: mwana woyamba wamwamuna, wachiwirinso wamwamuna. Akuluakulu anakhala pansi pa mtengo n'kugwirizana kuti wachiwiriyo, Koinet, apite kwa Timpiyian akangosiya bere. Seleyian anavomera yekha, palibe anamupotoza dzanja. Timpiyian anamupatsa thole lalikazi lothokozera, ndipo poti anthu akapatsana chiweto amaitanana ndi chiwetocho, kuyambira tsiku limenelo Seleyian ankamuitana kuti Wathole.

Masiku oyamba Koinet analira mpaka mawu kusasa. Timpiyian sanataye mtima. Ankamubereka kumbuyo n'kupita naye kukhola, iye n'kutsamiritsa mutu pa nthiti za ng'ombe, manja akukama, kanyimbo kaja kakutuluka. Mwana ankamva kanyimboko kudzera pamsana n'kukhala chete. Anakulira pomwepo, akununkha mkaka ndi utsi wa m'zipanda. Mudzi wonse unazolowera kumutchula Timpiyian kuti make Koinet, ngakhale Parsaloi amene, munthu woumira mawu. Seleyian yekha ndiye sanalitchulepo dzinali. Kutunga madzi limodzi, kumata ndowe padenga limodzi, kusekera limodzi mwamuna wawo, koma pakamwa pake pankangotuluka Wathole. Timpiyian ankaseka, koma zinkamupweteka.

Kenaka tsoka linagwera Seleyian. Mwana wake wamkulu uja anamwalira ndi malungo ali mnyamata woweta mbuzi, ndipo obadwa pambuyo pake onse anali atsikana. Anthu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mwambiwu umakoma pakamwa pa amene ana ake ali moyo.

Koinet atakula anapita kumdulidwe, anadulidwa osaphethira n'komwe, nakhala morani, mmodzi wa anyamata oteteza ng'ombe. Tsitsi analisunga mpaka kufika pamsana, lopota bwino, lofiira ndi dothi losakaniza mafuta. Amorani atamanga mudzi wawo, Timpiyian ndiye anasamukira komweko ndi ng'ombe zake zokama, n'kumumangira nyumba ndi manja ake. Amayi anzake ankamunena kuti akuyenda ngati ndiye anabereka gulu lonselo. Iye ankati aliyense ayende monga mwana wake alili.

Unyamata suchedwa kutha. Inafika nthawi yoti amorani ametedwe, asiye nthungo ndi magule, akhale amuna oyenera kukwatira. Wometa amakhala mayi wa mnyamata, pamaso pa anthu onse, ndipo amene wagwira lumo tsiku limenelo palibenso angadzafunse kuti ndi ndani kwa mwanayo. Timpiyian ananola lumo lake kudakali nthawi.

Seleyian anamupeza akutsuka zipanda ndi makala.

"Wathole, musavutike ndi kunola. Mutu umenewo ndimeta ndine."

"Mwaiwala kuti munandipatsa?"

"Ndinakupatsani ndili ndi awiri. Lero ndili ndi angati? Mutu umene uja unatuluka mwa ine, ululu wake ndimaudziwa ndine."

Timpiyian anapitiriza kutsuka zipanda zake. Nkhani inapita kwa Parsaloi, amene anayang'ana kumwamba, n'kufwenkha fodya, n'kunena kuti za malumo si za amuna, ndiponso pali ng'ombe yotsimphina yofunika kuiona. Anaiona ng'ombeyo mpaka dzuwa kulowa. Koinet naye sakanatha kusankha. Ndani angakane mayi womubereka, podziwa kuti misozi ya mayi wotero imapha ziweto? Amayi ena analangiza Timpiyian kuti alawire, akaime kumbuyo kwa mwana Seleyian asanafike. Iye anati sanalimbiranepo thole ndi ng'ombe chibadwire, ndipo sayamba lero.

Tsikulo linacha bwino. Amorani anakhala pa zikopa pamakomo a nyumba za amayi awo, ndipo Koinet anakhala pakhomo pa nyumba imene Timpiyian anamanga. Seleyian anali ataima kale kumbuyo kwake, atavala mikanda yake yonse, lumo lili m'manja. Anthu anayamba kunong'onezana. Timpiyian anatuluka ndi chipanda cha mkaka wonyowetsera tsitsi, lumo lake atalisiya m'nyumba, n'kuima pambali mutu uli m'mwamba. Mumtima munkawawa zedi, koma nkhope sinaulule.

Amorani ambiri amanjenjemera pometedwa, ena amalira, chifukwa tsitsilo likagwa ndiye kuti zonse zimene ankanyadira zatha. Koma Koinet ananjenjemera mopitirira. Lumo litangoyandikira, thupi lonse linayamba kugwedezeka, mano akulumana, mpweya ukutuluka ngati wa ng'ombe yamphongo. Anzake awiri anamugwira m'mapewa, osathandiza. Seleyian anayesa kugwira chipumi, mutu n'kumupulumuka. Anayesanso, ndipo lumo linakanda pamwamba pa khutu, magazi n'kutsika. Mayiyo anabwerera m'mbuyo.

"Koinet, mwana wanga, khala bata," anatero. Mnyamatayo sankamva kanthu.

Timpiyian sanamukankhe mnzakeyo, sanamulandenso kanthu. Anangopendeketsa chipanda, mkaka n'kuyenderera m'tsitsi lofiiralo, monga ntchito yake inalili. Ndipo poti manja ake akagwira mkaka pakhosi pake sipakhala chete, kanyimbo kaja kanatuluka kokha, ka ng'ombe ya mawanga ndi dambo la msipu. Amayi ena anafuna kuseka, poona munthu akuimbira morani wamtali ngati mlongoti nyimbo yokamira. Koma mapewa a Koinet anayamba kutsika. Mano analekana. Anapuma kwambiri, n'kupendeketsa mutu mpaka kuutsamiritsa pa ntchafu ya Timpiyian, misozi ikutsika mwakachetechete.

Seleyian anaima akuyang'ana mutu umene unatuluka mwa iye utatsamira pa mwendo wa mkazi mnzake. Nyimboyo ankaidziwa. Ankaimva m'mawa uliwonse kuchokera tsidya lina la khola, masiku amene mabere ake ankamupweteka ndi mkaka wopanda woyamwa. Anapukuta lumo lija pa nsalu yake, mbali iyi ndi iyo, n'kulitembenuza kuti chogwirira chiloze kwa Timpiyian.

"Bweretsani chipandacho, ndizithira ndine," anatero. "Metani mwana wanu, make Koinet."

Timpiyian analandira lumo la mnzakelo, ngakhale lake lonolanola linali pafupi m'nyumba. Anameta mosathamanga, kuyambira pachipumi kupita kumbuyo, Seleyian akuthira mkaka patsogolo pa lumo. Pofika pabala la pakhutu paja, onse awiri anawerama, ndipo Seleyian ndiye anapinda khutulo ndi chala kuti mnzake adutse bwino.