Achimwene a Amayi

Akulu anga amasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anizana ndi pokwerera basi. Ndi mlongo wanga, woyamba kubadwa m'nyumba mwathu, ndipo anandisiya ndi zaka khumi ndi zitatu, n'chifukwa chake dzina lawo silinazolowere pakamwa panga. Ndimangoti akulu. Anthu a mumsewuwo amawatchula kuti a Chidendene. Munthu akamabwera iwo sayamba ndi nkhope, amayamba ndi mapazi, moti asanamve moni amakhala atadziwa kale kuti uyu amakoka mwendo wamanzere. Pa nkhani ya kulankhula ndiye ndi aumbombo. Timisomali amatisunga pamilomo pogwira ntchito, ndipo ine ndimakhulupirira kuti amachitira dala kuti asamayankhe anthu.

Foni yawo ndi ya mabatani, yomanga ndi mphira. Choncho nditamva kuti Lachitatu lililonse masana akumatseka bokosi lawo n'kupita ku laibulale kukaphunzira kompyuta, ndinaseka mpaka kugwetsa misozi. Nditamva chifukwa chake, manyazi anandigwira.

Chifukwa chake anali amayi. Mutu wawo unayamba kusokonekera patangopita chaka bambo atamwalira. Ankabisa makiyi m'ketulo, ine n'kumandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Zimenezo tinazizolowera. Chimene chinatikanika kuzolowera ndi cha pawindo. Dzuwa likapendeka ankakokera mpando pawindo la kuchipinda, maso kumsewu, n'kufunsa kuti, "Achimwene sanalembe kalata?"

Tikati ayi, tsiku lina ankalira, tsiku lina ankatukwana. "Munthu wanji wopita osacheuka? Anati miyezi isanu ndi umodzi basi. Wabodza!" Dzina loyamba la munthuyo analitchulapo kangapo, ndiponso anati anakwera sitima kupita kukagwira ntchito kumigodi ya kutali. Tikafunsa zambiri, zii. Ife chibadwire sitinamvepo kuti tili ndi malume.

Dokotala sanatibisire. Anati mtima wa amayi watopa, tisamawerengere zaka. Tsiku lomwelo akulu anagwada pafupi ndi mpando uja nati, "Amayi, ndiwapeza. Kaya ali moyo, kaya ndi manda, ndidzakuuzani." Ine ndinawakokera panja n'kuwakalipira kuti munthu salonjeza wodwala chinthu chimene alibe. Anangondiyang'ana mapazi.

Laibulaleyo ili pamwamba pa ofesi ya zamadzi. Mumanunkha mapepala akale ndi polishi wapansi, ndipo muli makompyuta anayi, imodzi yake yakufa kalekale koma amaipukutabe fumbi. Woyang'anira ndi mayi wina wamfupi, wa magalasi omangirira chingwe m'khosi, woleza mtima mochititsa mantha. Tsiku loyamba akulu anamenya mabatani ndi chala chawo chakuda ndi guluu ngati akukhoma soli.

"Bambo, chimenecho si chidendene," anatero mayiyo. "Muzingochikhudza, chimamva."

Anawasonyeza masamba a pa intaneti pomwe anthu anajambula mabuku akale n'kuwaikapo, a ubatizo, a ukwati, a antchito a makampani omwe anatha kale. Akulu analemba dzina loyamba lija, n'kuphatikiza dzina la bambo awo a amayi, poti munthu ndi mlongo wake dzina la makolo limakhala limodzi. Palibe chinatuluka. Mayiyo anati makalaliki akale ankalemba dzina momwe lawamvekera m'khutu, ndiye anayesa kulipotoza, apa kuchotsa chilembo, apa kuwonjezera. Anaitanitsa nyuzipepala zakale kuchokera ku laibulale yaikulu, akulu n'kumaziwerenga ndi chala, mzere ndi mzere. Ine ndinalemba uthenga pagulu lina la pa foni la anthu ofufuza makolo awo. Anatiyankha ambiri, koma ambiriwo ankangoti tikukupemphererani.

Inatha miyezi isanu ndi iwiri. Makasitomala anayamba kudandaula kuti a Chidendene asanduka ophunzira, nsapato zikugona m'bokosi. Amayi nawo miyendo inayamba kutupa, pawindo paja tinkachita kuwanyamula. Ndinkaona akulu akuonda, ndipo ndinkapsa mtima, pena ndi iwo, pena ndi malume osaonekawo.

Panali msuweni wa amayi mmodzi wotsala, gogo wogontha khutu limodzi. Titamupeza pa foni anakuwa kuti, "Mlongo? Mlongo wake uti? M'nyumba imene ija munabadwa akazi okhaokha, anayi!" Akulu atadula foni anapukusa mutu nati, "Awanso mutu wapita." Ine ndinavomereza. Uchitsiru wathu unali wogawana bwinobwino.

Lachitatu lina ndinawaperekeza, cholinga changa chili choti ndikamuuze mayi uja kuti asiye kuwapatsa chiyembekezo. Ndisanatsegule pakamwa, iye anati, "Lero tisinthe. Tatopa kufuna munthu amene sitikumudziwa. Tiyeni tifune amene tikumudziwa. Lembani dzina la mayi anu, la kuutsikana."

Akulu analemba, chilembo chimodzichimodzi. Panatuluka tsamba la buku la maukwati, lolembedwa ndi inki yofiirira. Dzina la amayi linali pomwepo, la bambo awo pambali, zaka zawo khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ine ndinamwetulira poganiza kuti taona ukwati wa makolo athu. Kenako ndinawerenga dzina la mkwati. Silinali la bambo. Loyamba linali lomwe lija amayi amalitchula pawindo, lachiwiri lachilendo, loti sitinalimvepo.

Mayi uja anavula magalasi. "Pepani, ndifunse nawo. Mayi anu ankawaitana bwanji bambo anu?"

"Ankawatchulira dzina langa," ndinayankha. "Bambo a uje."

"Dzina lanu? Osati la oyamba kubadwawa?"

Ndinavomera ndi mutu. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti n'chifukwa choti ndine wokondedwa.

"Agogo anga," anapitiriza motsitsa mawu, "amuna awo ankawatchula kuti achimwene mpaka tsiku lowaika m'manda. Akazi ambiri akale ankatero."

Chopweteka n'chakuti zimenezi tinkazidziwa. Ndani sanamvepo mayi wachikulire akunena kuti ndikawafunse kaye achimwene kunyumba, akutanthauza mwamuna wake? Koma mawu omwewo akatuluka pakamwa pa mayi ako, khutu limasankha lokha chomva. Miyezi isanu ndi iwiri tinkasaka malume amene sanabadwe.

Ndi dzina loona, ntchito yonse inatenga mphindi zisanu. M'kaundula wa antchito a mgodi wina munali mzere wake: tsiku loyamba ntchito, chidindo cha chala m'malo mwa siginecha, ndi tsiku lomwalira, patangopita miyezi inayi. Mwala unagumuka pansi. Kumapeto kwa mzerewo kalaliki analemba kuti kalata yodziwitsa mkazi wake inabwerera, mwini wake sanapezeke pakhomopo.

Akulu ndinawaona akuwerenga ndi zala pansi pa tebulo, kuyambira mwezi womwe munthuyo anakwera sitima. Zala zinaima pa chachisanu, mwezi wawo wobadwa. Anawerenganso kachiwiri. Kenako anapempha mwaulemu kuti tsambalo awasindikizire, n'kulipinda kanayi, n'kuliika m'thumba la malaya.

Tinakangana pamsewu, pafupi ndi ogulitsa malaya a kaunjika, anthu akutiyang'ana.

"Musakawauze," ndinatero. "Mukufuna kuwamaliza? Mtima umene uja ungapirire zimenezi?"

"Ndinalonjeza."

"Mawa akhala ataiwala! Nanga bambo? Munthu anakulerani, anakuphunzitsani ntchito, chitsulo mukukhomerapo nsapatocho n'chawo. Lero mukawatulutsire amayi mwamuna wina?"

Ndinkanamizira amayi ndi bambo, koma mantha anali anga. Ndinkaona ngati pepala limenelo landidulira mlongo wanga pakati, theka n'kupita kwa anthu osawadziwa.

"Bambo ndi bambo, palibe angawachotse," anatero akulu. "Koma uyunso ndi munthu. Watukwanidwa zaka makumi asanu ali pansi pa mwala."

Sindinawamvepo akulankhula mawu ambiri chotero nthawi imodzi. Ndinawatsatira mpaka kunyumba.

Tinawapeza amayi ali maso, atatsamira mapilo, wailesi ikulira pansipansi. Akulu anaizimitsa, n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Pepala sanalitulutse. Anatchula dzina lonse la munthuyo, loyamba ndi lachiwiri lomwe. Amayi anatembenuka msangamsanga, maso ali mbee, ngati mmene ankatiyang'anira kale tikalakwa.

"Wakuuza ndani dzina limenelo?"

"Ndawapeza, amayi. Anamwalira kumgodi, chaka chomwe anapitacho. Anangogwira miyezi inayi. Kalata anakulemberani a kampani, koma sinakupezeni."

Amayi anatsitsa maso pa bulangete. Ine ndinali nditagwira kale botolo la mankhwala.

"Ndinasamuka m'chipinda tinkakhala chija," anatero pang'onopang'ono. "Mimba inali itakula, ndinapita kwa akulu anga." Anapuma. "Ndiye kuti sanandithawe?"

"Sanakuthaweni."

"Sanakwatire kumeneko?"

"Ayi. M'bukumo mkazi wawo ndi inu."

Analira, koma osati kulira kwa masiku onse kuja. Uku kunali kwa munthu wodziwa chimene akulirira. "Nanga ine ndimawatukwaniranji?" ankatero. "Zaka zonsezi, ine ndimawatukwaniranji?" Akulu anawagwira dzanja. Ndinadikira kuti afunse funso lawo, lija anawerengera zala. Ndinaona likufika pamilomo.

Amayi anawatsogolera. Anawakoka malaya kuti awerame, n'kuyang'ana kuchitseko ngati kuti wina angalowe, chonsecho mwamuna ankamuopayo tinamuika zaka zitatu zapitazo.

"Bambo ako asamve zimenezi," ananong'oneza. "Anakutenga uli ndi miyezi isanu ndi itatu, sanakusiyanitsepo ndi wake ngakhale tsiku limodzi. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti usadzadziwe."

Akulu, munthu wa imvi, wa zidzukulu ziwiri, anagwedeza mutu movomera ngati kamwana kotumidwa.

"Sakamva, amayi," anatero. "Ndipo ine sindikudziwa kanthu."