Mluzu wa Wailesi ya a Mlongoti

A Mlongoti amasoka nsapato, koma dzinali linachokera ku chitsulo chachitali chimene anazika kuseri kwa nyumba, cha wailesi yawo yolankhulirana ndi anthu akutali. Wailesiyo ndi chimphona. Kuinyamula mpaka anthu awiri, ukaiyatsa uyambe wamwa tiyi kuti itenthe, ndipo mawu ako amatuluka ndi kamluzu ngati ka ketulo. Ikanyanyala amaiwomba mbama, basi yadzuka. Mayi akunyumba amangoti ndi mkazi mnzawo.

Loweruka lililonse m'mawa amacheza ndi a Njuchi, nkhalamba yoweta njuchi kudziko lina. Anayamba tsitsi lili bii, koma sanaonanepo, ngakhale nambala ya foni sanapatsane. Ya chiyani, wailesi ilipo?

Mwana wamkazi wa a Mlongoti atatopa kuona bambo ake akumenya chimphonacho, anawagulira yatsopano, yaing'ono ngati buledi. Tisaname, ndi makina abwino: kungodina yayaka, mawu mbee. Chimphona anachifunditsa nsalu pakona.

Loweruka litafika a Mlongoti anaitana monyadira, mwanayo ataima pakhomo.

"A Njuchi, mukundimva? Ndine Mlongoti."

Kenako mawu onjenjemera: "Pepani, mwanawe. Atisiya liti?"

"Ndani?"

"Bambo ako. Mawu awo ndimawadziwa, amabwera ndi mluzu. Usandibisire, ndine wamkulu ine."

A Mlongoti analumbira mpaka thukuta kamukamu, koma nkhalamba inakanitsitsa, inati izimitse ikalire bwino. Apa anachita mantha zedi. Munthu uyu akazimitsa, adzayatsanso kuti acheze ndi ndani? Anamupempha kuti adikire pang'ono.

Mwana uja ndiye anathamangira pakona, kuvundukula nsalu, kusamutsa mawaya. Chimphona chinatenga nthawi yake, ngati mkwatibwi akuvala. Mbama imodzi, kamluzu kanayamba.

"A Njuchi, mwandiika m'manda ndili moyo?"

Kunamveka kufwenthera, kenako phwete lalitali. "Nkhalamba yopanda khalidwe inu. Misozi yanga mwaiwononga pachabe."

Yatsopano ija a Mlongoti amaigwiritsa ntchito mkati mwa sabata, ndipo amaitamanda kwa aliyense wobweretsa nsapato kuti sinawakhumudwitsepo. Koma Loweruka m'mawa mwana wawo akabwera kudzawaona, asanalonjere n'komwe amayamba wafunsa kuti, "Ababa, mwayatsa chimphona? A Njuchi angalirenso." Ndipo mbama ija masiku ano amawomba ndi iyeyo.