Mbuzi yathu ndi waya wa panjira

Ndikamayanika matewera pa waya, ndimakumbukira waya wina amene anthu anamanga pakati pa mitengo iwiri panjira yobwera kwathu kunyanja, molingana ndi khosi la munthu wokwera njinga yamoto.

Ankafuna Bambo Mfumu. Iwo anali atadzudzula paguwa eni mabwato ena amene ankanyengerera atsikana asukulu ndi usipa, ndipo achemwali anga anali mmodzi mwa osakidwawo. Tsikulo, iwo akubwera pa njinga yawo yamoto, mbuzi yathu inadula chingwe n'kudumphira panjira. Abambowo anagwira mabuleki n'kugwera mumchenga, waya ali pamwamba pawo.

Lamulungu lotsatira anabwera kutchalitchi akutsimphina, chigongono chikununkha mankhwala. "Ana anga, Mulungu ndiye anandigwetsa kuti ndisafe. Womanga wayayo amve bwino: sindisiya kulankhula."

Ine ndinangoti basi, mbuzi yathu ndi mngelo. Ndinkaiwonjezera gaga, ndipo ndikamadutsa pakhola ndinkagwada pang'ono ngati m'tchalitchi.

"Mngelo wanji wakuba chinangwa?" anatero amayi. "Tiye, katunge madzi."

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse amayi ndi anzawo, ngakhalenso Abiti Saidi a kumzikiti, ankalawirira kuyenda njira ija Abambo asanadutse, maso m'mitengo, zikwanje m'manja. Mwini bwato wina anawaseka: "Inu amayi, mwasanduka apolisi?"

"Eya," anayankha amayi osaima n'komwe. "Kamangeninso tione."

Sanamangenso, ndipo achemwali anamaliza sukulu. Pano ndakula, ndikuona kuti Mulungu sanatume mbuzi yokha ayi.