Vairasi Yodana ndi Alamu Anga

Amuna anga atandituma kukopera zithunzi za ukwati wathu pa fulashi, ndinasiya dala zonse zimene munali achemwali awo a ku Lirangwe. Pa ukwatipo alamu angawo ananena pagulu kuti diresi langa linali ngati neti ya udzudzu.

Laputopu itapsa ndi mphenzi kwathu ku Chileka, zithunzi zinatsala pa fulashi pokha. Alamuwo anabwera kudzaziona, ine ndikuwathirira tiyi.

"Nanga ine ndili pati, alamu?"

"Ndi vairasi," ndinatero, maso ali pa kapu.

Anangopeza chigongono chawo m'mphepete mwa chithunzi cha keke. Bodzalo limandichititsa manyazi, koma zopepesa ayi. Ayambe ndi iwowo, za neti ija.