Kasemasema pa Ulimba Wanga

Ndikulemba ndisanasukusule n'komwe, kuopa angandithawe malotowa.

Ndili pa ukwati wa mwana wanga Esinati, koma bwalo lake ndi mchenga wa pakati pa Shire. Ulimba wanga watalika ngati mlatho. Mkamwini wanga akubwera atasenza kiyibodi ya kutchalitchi, kasemasema ali m'manja.

"Bambo, ulimba wanu sukugwirizana ndi kiyibodi. Ndingopalako pang'ono matabwa atatuwa."

"Inu akamwini, mlombwa uwu ndinasema ndekha ine. Kuchoka pa liwu ili kufika pa linzake mtunda ndi umodzimodzi, ngati mizere ya mlimi wosamwa. Chanucho pena chimalumpha, pena chimakwawa."

Sakundimva, wayamba kale kupala. Pomwepo nyimbo ya malemu bambo anga ikutuluka m'thumba la jekete langa. Ndi nkhanga yovala nsapato. Ikukwera pa kiyibodi, ikuponda kamodzi, kawiri, kachitatu phazi likulowa mumpata wa pakati pa batani loyera ndi lakuda. Nsapato yatsalira momwemo, nkhanga ikutsimphina.

Ndikuinyamula n'kuitula pa ulimba. Ikuyenda mwachifumu thabwa ndi thabwa, zikho za pansi zikuyankha ndi mawu a bambo enieni. Esinati wavula velo, akudikula m'chiuno, ng'ona zikuomba m'manja.

Mkamwini wasiya thabwa langa. Akugadamiza kiyibodi yake, akuisisita kumimba.

"Bambo, nanga iyiyi amapala pati?"

Ndadzuka ndikuseka mokweza, mpaka mayi akunyumba andigunda ndi chigongono.