Ndinatcha Mkaidi wa mu Filimu Dzina la Akulu Anga

Inu owerenga, ine ndinalakwa ndi pakamwa pangapa, ndipo wolakwiridwayo ndi mbale wanga wa bere limodzi. Ntchito yanga ndi yomasulira mafilimu ku Kapata, m'tauni muno. Ndili ndi kanyumba ka malata, mabenchi, sikirini ndi maikolofoni. Azungu akamayankhula, ine ndimatsitsa mawu awo n'kuika anga m'Chinyanja, uku ndikujambula kuti ofuna adzatenge pa foni. Amene mumaonera mukudziwa kachitidwe kathu: munthu wa mu filimu timamutcha dzina la kwathu konkuno kuti anthu aseke. Wonenepa amalandira dzina la wogulitsa nyama kumsika, wolongolola la amayi ena apampopi. Komanso ndiulule, sindinkaonera filimu ndisanaionetse. Ndinkadzitama kuti ndikangoona nkhope, nkhani ndaidziwa kale.

Loweruka lina masana ndinaika filimu ya ku Australia imene mnzanga anandipatsa. Anandichenjeza kuti ndi ya zigawenga koma anaipanga amphawi, ndisayembekezere ndege kuphulika. Sananame. Osewera ake owerengeka, galimoto imodzi yakutha, kamera ikugwedezeka ngati wojambulayo ali pa njinga. Chingelezi chake cha m'mphuno, ndinkangotola apa ndi apo. Mumtima ndinati iyi ndiipulumutsa ndi nthabwala basi.

Inayamba ndi bambo wowonda akutuluka pa geti ya ndende, kachikwama m'manja. Apa ndiye lilime linanditerereka. Akulu anga, a Pasikale, anali atangotuluka kundende chaka chomwecho, atakhalako zaka zitatu pa mlandu woba ng'ombe kwathu ku Chiparamba. Anabadi, sindikuwayeretsa. Ku Kapata ambiri ankaidziwa nkhaniyo ndipo inkandichititsa manyazi, moti ndinaganiza kuti ndikayamba ndine kuseka, wondiseka asowa. Ndinakuwa pa maikolofoni kuti, "Pasikale watuluka! Tsekani makola!" Nyumba yonse inafa nalo phwete, ine n'kumadzimva kuti ndine katswiri.

Koma filimu ija, abale! Bambo uja anafika kwa amake n'kuima pakhomo. Chitseko sichinali chokiya, koma iye anangoima, manja kumbuyo, kudikira kuti wina amutsegulire. Atam'patsa chakudya anakhala manja pa maondo, osachikhudza mpaka amake atamuuza kuti idya. Panalibe nyimbo, panalibe woyankhula, kamera inangoti njo pankhope yake. Nthabwala ndinazisiya, chifukwa akulu anga amachita zomwezo kunyumba kwa amayi, ndipo ine ndinkati ndi kupusa. Anthu akutali chonchija, a kutsidya kwa nyanja, anazidziwa bwanji za pakhomo pathu?

Kuseka kunathera pomwepo. Bamboyo anayenda kufunafuna ganyu, paliponse akumubweza. Anzake akale anabwera kuti akawayendetsere galimoto pokaba, iye anakana, koma atakaba okha apolisi anayamba kudzagwira iyeyo. Mfuti inalira kamodzi kokha mu filimu yonse, ndipo anthu anadzidzimuka kuposa mmene amachitira mu zija zofa anthu ngati ntchentche. Tsoka langa linali loti dzina sulisintha filimu ili pakati. Ndinapitiriza kunena kuti Pasikale, Pasikale, mpaka pamene ankamutsekeranso chitseko chachitsulo cha ndende.

Masiku onse filimu ikatha anthu amangobalalika. Tsiku limenelo anaima panja padzuwa n'kuyamba kukangana ngati achokera kubwalo la milandu. Bambo wina wonyamula anthu pa njinga anati filimu yopanda karate si filimu, tam'tayitsa nthawi. Mayi wina wogulitsa tomato anamudula kuti ngati sanaone ndewu ndiye anali m'tulo, chifukwa munthu uja ankamenyedwa ndi mudzi wonse popanda womukhudza. Aphunzitsi ena opuma pantchito anati opanga filimuyo analibe ndalama, n'chifukwa chake analibe pobisala, anangotsala ndi zoona. Ena ankati amake anamulekerera, ena ankati olakwa ndi apolisi. Kenako bambo wina wachikulire, amene anagwirapo ntchito yolondera akaidi, anati za pachitseko zija si zopeka, munthu akakhalitsa mkati dzanja limaiwala kutsegula lokha. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti anthuwa amabwerera nthabwala zanga, osadziwa kuti amaona mozama kundiposa.

Ndikutembenuka, ndinaona akulu anga ataima pambali ndi njinga yawo, masaka opanda kanthu pa kaliyala. Anali atabwera m'tauni kudzagulitsa mtedza, ndiye anati aone kaye mmene mng'ono wawo amagwirira ntchito. Anakhala pa benchi yakumbuyo, kumdima, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amene ankawadziwa anayamba kuzemba mmodzimmodzi.

Sanakalipe. Anandiyandikira nati chapansipansi, "Filimu ija ndi yabwino, mng'ono wanga. Amene anaipanga ayenera kuti anagonako. Koma dzina lija ukanawasiyira eni ake." Anakwera njinga n'kumapita.

Inu owerenga, mwina mukuganiza kuti ndinafufuta zimene ndinajambulazo. Ayi ndithu, uchitsiru wanga sunathere pamenepo. Mbiri ya filimuyo inamveka, anthu ankabwera kudzaipempha, akuti sindinamasulirepo ina yogwira mtima chonchi. Kutamandidwa kunandikoma. Ndinapatsa awiri atatu, ndikudzinamiza kuti siifika kumudzi. Mvula isanagwe inali itafika kale ku Chiparamba. Ndipo kumeneko zimene anthu anatola si za chitseko zija ayi, anatola mawu anga. Akulu anga akamadutsa pa chigayo, ngakhale akamachokera ku Misa, wina ankakuwa kuti tsekani makola. Panali mayi wina wamasiye amene ankafuna kumanga naye banja, koma abale ake anakana, akuti sangapereke mlongo wawo kwa munthu wa mu filimu.

Akulu anga anachoka osatsazika, n'kupita ku Chipangali kukalima m'minda ya anthu. Amayi analira, ndipo mpaka lero akandiona amangoyang'ana kumbali. Nditapeza nambala ya akulu angawo ndinaimba, ndinapepesa mpaka mawu kutha. Anandimvetsera bwinobwino, anati zinapita. Koma anandipempha chinthu chimodzi, chakuti ndikadzapita kukawaona ndisakafunse za Pasikale, chifukwa kumeneko anauza anthu dzina lina.

Tsono ndikukupemphani, inu omasulira anzanga, muziyamba mwaonera filimu musanagwire maikolofoni, ngakhale ioneke yotchipa bwanji. Musapeputse anthu okhala pa mabenchi, amamva ndipo amasunga. Nanunso ena nonse amene muli ndi mbale wochokera kundende, musagule kuseka kwa anthu ndi dzina lake pofuna kubisa manyazi anu. Akulu anga boma linawalanda zaka zitatu n'kuwabweza kwawo ali a Pasikale. Ine mng'ono wawo ndinawalanda dzina limene anawapatsa pa ubatizo, ndipo ndilibe poti n'kukalitenga kuti ndiwabwezere.