Lalanje la Amake Mapasa

Pa malayini a kampani ya tiyi sitinkaloledwa kudzala mtengo pansi. Nyumba ndi ya kampani, dothi ndi la kampani, ndipo tsiku lililonse ukhoza kuuzidwa kuti usamukire ku divishoni ina. Mpiru ndi anyezi kuseri kwa bafa ankangotilekerera, koma chilichonse cha mizu yakuya ankazula. Ndiye ife a mtima wa mitengo tinkadzala m'zitini n'kuika m'nyumba pawindo, poti kunja mbuzi sizinkasiya kanthu kobiriwira.

Wanga ndinadzala nthangala ya lalanje lomwe ndinagula pamsika wa pa Boma. Ndinatenga chitini chachikulu cha mafuta ophikira, n'kuboola pansi ndi msomali, n'kuyala timiyala, pamwamba pake dothi lakuda la m'mbali mwa mtsinje losakaniza ndi mchenga. Musandione chonchi, ndinkadziwa zomwe ndikuchita. Ndinali nditagwira zaka zambiri ku nazale ya esiteti, kumezanitsa mbande za makademiya. Umatenga kanthambi ka mtengo wobala bwino, n'kukalumikiza pa tsinde la mtengo wina wa mizu yolimba, n'kumanga ndi pulasitiki mpaka ziwirizo zitagwirana. Dzanja langa linali lodziwika. Mbewu ya munthu ikadwala pamalayinipo, ankabwera kwa ine.

Mtengo wangawo unakula mosanyozeka. Masamba ake anali onyezimira ngati owadzoza mafuta, osayoyoka chilimwe kapena dzinja. Ukalozetsa tsamba kudzuwa unkaona timadontho tambirimbiri, ndipo ukalitikita m'manja fungo la lalanje linkatsala mpaka madzulo. Pa kaphesi ka tsamba lililonse panali timapiko tiwiri, chizindikiro cha lalanje lenileni. Minga ndiye osanena, yaitali ngati chala, yong'amba makatani. Koma duwa ngakhale limodzi ayi. Mtengo wa nthangala umachedwa kubala, umatha zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, makamaka wopanikizika m'chitini. Izi ndinkazidziwa, koma kudziwako sikunkaziziritsa mtima.

Mtengowo uli ndi zaka zisanu, m'nyumba yogundana khoma ndi yathu munalowa banja latsopano. Mwamuna anali mlonda wa kufakitale, mkazi wotchola tiyi, kwawo ku Nsabwe, wamfupi, woseka ndi thupi lonse. Tonse tinkawatchula amake mapasa. Potsitsa katundu pa thirakitala sanalole munthu kugwira ndowa ina yobooka, momwe munali kamtengo kosafika ndi m'chiuno momwe. Anaisenza okha pamutu.

Ndinangoyang'ana kamodzi n'kuzindikira. Patsinde, chikhatho chimodzi kuchoka padothi, panali chipsera chotupa pang'ono pomwe khungwa linasintha mtundu. Unali womezanitsa: mizu ndi tsinde la pansi zinali za mandimu, kuyambira pachipsera kupita m'mwamba linali lalanje.

"Ndi mtengo wa amayi anga uwu, achemwali," anandiuza tsiku lomwelo, katundu asanalongedze n'komwe. "Unali pabwalo kwathu, waukulu, malalanje ake anthu ankachoka ku Goliati kudzafunsa. Amayi atamwalira, amalume anaudula kuti aotchere njerwa. Achimwene anga ndiye anathyolako kanthambi usanagwe, anachita zawo zomwe anachita, n'kundipatsa. Panopo ali ku Joni. Wotsala ndi uwu basi. Ndikadzapuma ntchito ndidzakaudzala pamalo pomwe unali."

Za chipseracho sankazidziwa. Kwa iwo unali mtengo umodzi, wa amayi awo, kuyambira kumizu mpaka kunsonga.

Mwezi wa Seputembala kamtengoko kanachita maluwa. Khoma la pakati pathu silinkafika kudenga, moti chilichonse cha kwa mnzako unkachimva, kaya ndi kutsokomola kaya ndi usipa wokazinga. Tsopano chinkadutsa pamwamba pakhomalo chinali fungo la maluwa a lalanje. Linkandipeza ndikusesa, linkandipeza ndikudya. Maluwawo anali oyera, okhuthala ngati kandulo, timasamba tisanu tisanu, pakati pachikasu. Lamulungu pochoka kutchalitchi azimayi ankadutsa pakhomo panga osayang'ana n'komwe, n'kukadzaza mwa amake mapasa. Iwo ankatulutsa ndowayo pakhonde kuti njuchi zifike, n'kukhala pambali ndi kandodo kothamangitsira mbuzi.

Bambo a kunyumba kwanga anaonjezera moto. Tsiku lina minga ya mtengo wanga itawakola malaya anati, "Kodi inu a ku nazale, chaka chino tikolola minga madengu angati? Anzanu osaphunzira za mitengo akununkhiritsa layini yonse."

Ndinaseka nawo, koma usiku wake sindinadye. Ndinene mosabisa: ndinachita nsanje, nsanje yeniyeni yotentha pachifuwa. Munthu wothirira mtengo ndi madzi otsukira mbale, wosadziwa kusiyanitsa muzu ndi mphukira, ndiye wa maluwa. Ine wa dzanja lodziwika ndili ndi chitsamba.

Mankhwala a nsanjeyo anali pafupi. Ndikanangopempha kanthambi kamodzi, kotalika ngati pensulo, n'kukamezanitsa pa mtengo wanga. Ntchito ya mphindi zochepa, yomwe ndinkaichita kambirimbiri pa tsiku. Akanandipatsa ndi manja awiri, poti mayi uja sankadziwa kumana. Koma ine, kupempha kwa wotchola tiyi? Kuti layini yonse izinena kuti a ku nazale anakapempha mbewu kwa amake mapasa? Ndinakana mumtima, ndipo tsiku lililonse ndinkakananso.

Zipatso zinagwira zisanu ndi chimodzi, ziwiri zinayoyoka zili ngati nandolo, zinayi zinakhwima. Zinatenga miyezi yambiri, mvula yonse mpaka kuzizira kutayamba. Limodzi mwa malalanje anayiwo anabweretsa kwa ine, lathunthu, atakulunga pansonga ya chitenje. Ndinakadyera kuseri kwa bafa kuti asandione nkhope. Ndinkafuna kulipezera chifukwa, kaya nthangala zambiri, kaya kuuma m'kati. Linali la khungu lopyapyala, lamadzi, lotsekemera mpaka kukhosi. Ndinanyambita zala ndili wokwiya.

Chaka chotsatira chiperoni chinavuta. Masabata athunthu dzuwa osaoneka, nkhungu ili khathi pa minda ya tiyi, kamvula kowaza osaleka. Amake mapasa anatseka windo kuopa kuti mtengo uzizidwa, n'kumayatsa mbaula m'nyumba momwemo. Chifukwa cha chikondi ankathirira m'mawa ndi madzulo, dothi lili lonyowa kale. Masamba anayamba chikasu. Kunsi kwake kunamata tizilombo tonga nkhanambo, nyerere zikukwera ndi kutsika, pamwamba pake pakuda ngati mwaye. Kenako anayamba kuyoyoka.

Sanali matenda oopsa. Kutsuka masamba ndi madzi a sopo, kuleka kuthirira mpaka dothi liume, kutulutsa mtengo panja tsiku lililonse la dzuwa, basi. Pomafika Seputembala ukanaphukiranso. Ndinkaona masambawo akusesedwa pakhomo m'mawa uliwonse, n'kumangodutsa.

Inali nthawi yodulira tiyi. Aliyense wokulira pa esiteti amadziwa kuti tiyi akatopa samunyengerera. Amuna amalowa m'munda ndi mipeni yokhota, n'kumudula mpaka m'mawondo, munda wonse kusanduka zitsa, ndipo mvula ikabwera amaphuka wanthete kuposa kale. Amake mapasa anali ataona zimenezi moyo wawo wonse. Lamulungu lina masana anagogoda pakhomo panga ali ndi mpeni wobwereka kwa wodulira tiyi.

"Achemwali, tabwerani mundionere. Ndaganiza zoupanga puluningi. Watopa uwu, ukufuna kuyambiranso ngati tiyi. Koma ndati ndisadule ndekha, a ku nazale alipo."

Ndinalowa. Mtengo unali pakati pa nyumba, nthambi zambiri zili zokhazokha, koma nditakanda khungwa ndi chikhadabo m'kati munali mobiriwira. Unali wamoyo ndithu. Iwo anagwada, n'kuika mpeni patsinde, zala ziwiri pansi pa chipsera.

"Apa pali bwino? Ndati ndichotseretu ndi potupapa, mwina matenda ali pomwepa."

Sindinganame kuti sindinaone, kapena kuti ndinasokonezeka. Ndinaona pomwe mpeni unali, ndinadziwa chomwe chidzatsale m'ndowamo. Pakamwa panga panali mawu awiri okha oyenera kunena: kwezani dzanja. Ndinakumbuka azimayi aja akudutsa pakhomo panga, ndinakumbuka madengu a minga.

"Pomwepo," ndinatero.

Mpeni wa tiyi sukoka kawiri.

Mutu wa mtengowo anauponya pambali pa khonde. Unakhala pamenepo tsiku lonselo ndi lotsatira lake. Nthambi yodulidwa siifa nthawi yomweyo, makamaka kukazizira. Ndikanatola kanthambi kamodzi, n'kukakulunga m'kansalu konyowa, n'kukamezanitsa pa wanga popanda wondiona, ndipo mtengo wa amayi awo ukanapulumuka. Ndinadutsa pamenepo popita kumpopi, pobwera, popita kuntchito, pobwera. Ulendo uliwonse ndinkati ndikatola ndiye kuti ndavomera zomwe ndachita. Lachiwiri m'mawa ndinapeza mbuzi zitamaliza.

Kutayamba kutentha chitsa chija chinaphuka, mphukira zitatu zonenepa zothamangira kudenga. Amake mapasa anavina pabwalo. Anauza layini yonse kuti achemwali a ku nazale ndi dokotala, anangoloza podula mtengo n'kuuka. Anandibweretsera nthochi, tsiku lina chinangwa. Ine ndinkayang'ana masamba atsopanowo. Nsonga zake zinali zofiirira, ndipo pa kaphesi panalibe timapiko. Nditatikita limodzi iwo atatembenuka, m'manja munanunkha mandimu.

Anadikira zaka zinayi. Mtengo unakula mpaka unasiya kukwana pawindo, anauika pakhonde n'kuutchinga ndi waya. Chaka chilichonse ankandifunsa chifukwa chake ukuchedwa, ine n'kumati ukusonkhanitsa mphamvu. Nsanje ija inali itatha kalekale, poti panalibenso chochitira nsanje. M'malo mwake munalowa chinthu china cholemera, chomwe chinkandidzutsa nthawi iliyonse akandiitana kuti achemwali. Maluwa atabwera anali ofiirira kunja. Iwo anati ndi chifukwa cha mphepo ya pakhonde.

Chipatso choyamba chitachita chikasu, anandiitana ine ndekha. Anali atayala mphasa, atatsuka mpeni ndi mbale. Chipatsocho chinali cha khungu lokhuthala, la mabampu, chokhala ndi kamchombo kunsonga.

"Choyamba ndi chanu ndi ine," anatero. "Popanda inu bwenzi utafa."

Anadula pakati, n'kundipatsa theka. Iwo anayamba kuluma. Ndinaona nsagwada zikuuma, maso akutsinzina okha. Anayang'ana chipatsocho, anayang'ana mtengo, analumanso ngati mwina lilime lawanamiza. Kenako anaika theka lija m'mbale.

"Achemwali, pali chomwe sindinakuuzeni. Amayi akudwala ananditumizira mawu kawiri kuti ndibwere. Inali sizoni, tiyi ali mbwee, ine ndinati ndimalize sabata ino. Ndinafika ataikidwa kale." Anapukuta pakamwa ndi chitenje. "Zaka zonsezi ndimati anandikhululukira, poti mtengo wawo unandipatsa zotsekemera. Kani amangodikira. Inu mumadziwa za mitengo, tandiuzani zoona. Lalanje lingasanduke lowawasa palokha?"

Ankandiyang'ana m'maso, akudikira. Yankho loona linali lalifupi, ndipo likanawachotsera katundu yense nthawi yomweyo. Likanangomuika pa ine.

"Palokha ayi," ndinatero. Apo ndinaima.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva zomwe ankayembekezera. Anatola theka lawo lija, n'kudya lonse mpaka khungu, misozi ikutsika, osalavula ngakhale nthangala. Atamaliza anatambasula dzanja n'kutenga langa lomwe ndinali ndisanalume.

"Bweretsani kuno, achemwali. Inu simunalakwe kanthu."